Ukwati Womangira Kutali ndi Kwawo: Phunziro la Aphunzitsi ndi Akhristu Onse

Masiku ano kwabuka mwambo umene makolo akale sadaudziwe. Mnyamata ndi mtsikana akamvana za banja, ena safunanso kumangitsa ukwati m'tchalitchi cha kwawo, koma alakalaka kukwera ndege ndi kukaumangira kudziko lina: ku Roma, ku Cape Town, kapena pa zilumba za Zanzibar ndi Mauritius. Ukwati utatha, atsalira komweko pa ulendo wokapuma awiriwiri, umene achinyamata autcha hanimuni. Ena achita zimenezi chifukwa cha kukongola kwa malo. Ena akakamizidwa ndi ntchito, pakuti mnyamata ali ku Johannesburg, mtsikana ali ku London, makolo ali kumudzi. Mafunso a anthu otere kawirikawiri ayamba kufika kwa mphunzitsi asanafike kwa bambo mfumu. N'chifukwa chake mphunzitsi ayenera kudziwa chimene Eklezia aphunzitsa, kuti asayankhe za m'mutu mwake.

Kodi Eklezia aletsa ukwati wotere?

Iyayi, saletsa. Buku la malamulo a Eklezia, limene Papa John Paul II adalilengeza m'chaka cha 1983, linena pa lamulo 1115 kuti malo a ukwati ndi parishi imene mmodzi wa awiriwo akhalamo, ngakhale atakhalamo mwezi umodzi wokha. Lipitiriza kunena kuti ukwati ungathe kumangidwa kwina, ngati Ambuye Episkopi awo kapena bambo mfumu wawo alola. Tsono ulendo wa ku Roma suyambira ku bwalo la ndege, uyambira pa khomo la bambo mfumu.

M'Malembo Oyera muli ukwati wina umene udamangidwa kutali ndi kwawo kwa mkwati. Tobiyasi, mwana wa Tobiti, adachoka ku Ninive napita ku dziko la Mediya kukatenga ndalama za atate ake, ndipo adakwatira Sara ku Ekibatana, atate ndi amayi ake kulibe. Mngelo Rafaele yemwe ndiye adamulimbitsa mtima kuti atero. Koma wowerenga mutu 7 wa buku la Tobiti adzaona kuti sudali ukwati wa mseri. A kwawo kwa Sara adayamba afunsa kumene mnyamatayo adachokera. Raguele, atate a mtsikana, sadamubisire za amuna 7 amene adakwatira Sara kale nafa onse usiku woyamba. Pambuyo pake adalemba chipangano cha ukwati. Kufunsa, kunena zoona ndi kulemba ndizo zimene Eklezia afuna mpaka lero.

Ndani ali ndi mphamvu ya kulandira malonjezo?

Apa ndipo pagona nkhani, ndipo ndi pomwe ambiri aphunthwa. Amene amanga ukwati ndi akwatiwo, pa kuvomerezana kwawo. Koma lamulo 1108 linena kuti kuvomerezanako kuchitike pamaso pa Episkopi wa malowo, kapena bambo mfumu wa malowo, kapena wansembe kapena dikoni amene mmodzi wa iwo wamutuma, ndiponso pamaso pa mboni ziwiri. Popanda zimenezi ukwati wa Mkatolika sumangika.

Lamuloli lili ndi mbiri yake. Kale ku Ulaya anthu ankakwatirana mobisa, awiriwiri, ndipo Eklezia ankauyesa ukwati weniweni ngakhale ankaudzudzula. Zotsatira zake zidali zomvetsa chisoni. Mwamuna akatopa ankakana kuti sadalonjeze kanthu, nakakwatira wina poyera, mkazi woyamba n'kusowa mboni. Msonkhano waukulu wa ku Trento udatseka khomo limeneli m'chaka cha 1563 ndi lamulo lotchedwa Tametsi. Koma lamulolo linkagwira ntchito kumene lidalengezedwa kokha, ndipo kumaiko ena silidalengezedwe konse. Papa Pius X ndiye adakonza zimenezi ndi lamulo la Ne Temere la 1907, limene lidayamba kugwira ntchito pa Pasaka wa 1908. Kuyambira pamenepo mphamvu ya kulandira malonjezo ili ndi wansembe wa malo amene ukwati uchitikira.

Tanthauzo lake ndi ili. Akwati angathe kutenga wansembe wa kwawo, amene adawabatiza ndi kuwaphunzitsa, namulipirira ndege mpaka ku Cape Town. Wansembeyo ndi wansembe kulikonse, koma pa za ukwati mphamvu yake ithera m'malire a parishi yake. Kumeneko ndi mlendo, ndipo ayenera kupatsidwa mphamvu ndi bambo mfumu kapena Episkopi wa kumeneko, monga mwa lamulo 1111. Ichi chikaiwalika, ukwati ungathe kukhala wosamangika, ngakhale Misa idachitika, mphete zidavekedwa ndipo kwaya idaimba bwino.

Za ukwati wa pa mchenga

Mahotela a m'mbali mwa nyanja agulitsa ukwati wathunthu pa mtengo umodzi: maluwa, keke, wojambula zithunzi, oimba, ndiponso munthu wovala mkanjo woti ayendetse mwambo. Pa zithunzi zonse zioneka bwino. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wa mkanjoyo kawirikawiri si wansembe wa Katolika, ndipo ngakhale boma la kumeneko litauvomereza ukwatiwo, Mkatolika abwerako asanakwatire pamaso pa Eklezia. Akayamba kukhalira pamodzi monga mwamuna ndi mkazi, sangathe kulandira Ukaristia mpaka atakonza ukwati wawo. Ndipo lamulo 1160 linena kuti kukonzako n'kulonjezana mwatsopano pamaso pa wansembe ndi mboni ziwiri. Ndalama zambiri zatha, Sakramenti palibe.

Lamulo 1118 lifuna kuti ukwati wa anthu obatizidwa uchitikire m'tchalitchi. Episkopi wa malowo angathe kulola malo ena oyenera, koma ndi iye yekha woweruza, ndipo Maepiskopi ambiri salola pa mchenga kapena m'munda wa hotela. Wogulitsa maulendo sangalonjeze chimene sichili m'manja mwake. Ofuna Zanzibar adziwe kuti m'mudzi wakale wa Stone Town muli Katedrale ya Yosefe Woyera, ndipo nkhani ya ukwati wa Akatolika pa chilumbacho ili m'manja mwa Episkopi wa Zanzibar.

Ena atsutsa nati: nanga Papa Francis sadamange ukwati m'ndege? N'zoona, zidachitika ku Chile m'mwezi wa January 2018. Koma awiriwo adali ogwira ntchito m'ndegemo, amene adakwatirana kale ku boma m'chaka cha 2010, chivomezi chitagumula tchalitchi chawo. Papa adayamba wawafunsa mafunso, mboni zidalipo, ndipo chikalata chidalembedwa. Ndiponso Papa ali ndi mphamvu pa Eklezia yense, pamtunda ndi m'mlengalenga momwe. Wansembe wina aliyense alibe.

Makalata

Kukonzekera konse kuchitikira kwawo. Bambo mfumu afunsa mnyamata payekha ndi mtsikana payekha, aone ngati palibe choletsa ndiponso ngati palibe wowakakamiza. Afunika kalata ya Ubatizo yatsopano, imene madayosizi ambiri afuna kuti isapitirire miyezi 6. Khadi lakale losungidwa m'sutikesi silikwanira, chifukwa ukwati uliwonse wa Mkatolika ulembedwa m'buku la Ubatizo, ndipo kalata yatsopano yokha ndiyo isonyeza ngati munthuyo adamangitsapo kale ukwati. Afunikanso umboni wa Ulimbitso ndi wa maphunziro a ukwati. Maina alengezedwa m'tchalitchi cha kwawo, kumene anthu awadziwa. Mwambo umenewu udalamulidwa pa Eklezia yense ndi Msonkhano wachinayi wa ku Laterano m'chaka cha 1215. Kulengeza maina ku Roma sikungathandize kanthu, poti kumeneko palibe adziwa za mkazi amene adasiyidwa kumudzi ndi ana.

Makalata onsewa sayenda m'thumba la akwati okha. Achoka ku parishi kupita ku ofesi ya Ambuye Episkopi, amene atsimikiza kuti palibe choletsa, m'Chilatini nihil obstat. Kuchokera uko apita ku ofesi ya Episkopi wa dziko linalo, ndipo potsiriza afika ku tchalitchi cha ukwati. Njira imeneyi idya miyezi. Wolipira hotela ndi kusindikiza makadi makalata asanayende, amanga denga nsanamira zisanazikidwe.

Palinso za boma. Ku Italy, chifukwa cha chipangano cha 1929 chimene chidakonzedwanso mu 1984, ukwati wa m'tchalitchi ungathe kuwerengedwanso ku boma; koma mlendo ayenera kuonetsa kalata ya boma la kwawo yonena kuti ndi womasuka kukwatira, imene kumeneko aitcha nulla osta. Pothawa vuto limeneli ena alembetsa ukwati ku boma la kwawo, nakalandira Sakramenti lokha ku Italy. Ichi chitheka, koma afunsiretu kwa bambo mfumu, ndipo adziwe kuti kufikira tsiku la ku tchalitchi sali banja. Amalawi afunanso viza ya Schengen kuti alowe mu Italy, iwo ndi alendo awo, ndipo viza ingathe kukanidwa. Posankha tsiku akumbuke kuti pa Lachisanu Loyera ndi Loweruka Loyera ukwati sumangidwa.

Otsala kumudzi

Lamulo lifuna mboni ziwiri, ndipo munthu aliyense wa nzeru zake angathe kukhala mboni, ngakhale wosamala tchalitchi wa ku Roma. Koma mboni yotere sidzaonekanso. Banja likadzagwedezeka chaka chachitatu, amene adzaitanidwa usiku ndi ankhoswe. Mutu umodzi susenza denga. Chifukwa chake chinkhoswe chichitike kwawo ulendo usanayambe, akuchimuna ndi akuchikazi adziwane ndi kupatsana nkhuku monga mwa mwambo. Ndipo ngati ndalama za ndege zikwanira anthu awiri okha operekeza, nzeru n'kutenga ankhoswe, osati anzawo a kuntchito.

Buku la Tobiti silibisa kuwawa kwa makolo otsala. Pamene ku Ekibatana ankachita phwando la masiku 14, ku Ninive Tobiti, wakhungu, ankawerenga masiku, ndipo Ana, amayi a mkwati, ankapita kumsewu tsiku ndi tsiku poyesa kuti mwana wawo wafa. Tobiyasi adadziwa zimenezi, nakana kuchedwanso pamene apongozi ake adamuumiriza kuti akhalebe. Atafika ku Ninive padachitika phwando lina. Akwati a masiku ano achite chimodzimodzi: awauze makolo msanga ndi mwaulemu, asamve kwa anthu, ndipo pobwera apemphe Misa yothokoza m'parishi mwawo, kuti agogo amene sadzakwera ndege aone ndi maso awo. Pamene atate kapena amayi ali okalamba kapena odwala, ndipo palibe chokakamiza kupita kutali koma kukongola kwa malo kokha, mphunzitsi asaope kunena kuti chifukwa chimenecho n'chopepuka.

Za ndalama, Papa Francis adachenjeza m'kalata yake Amoris Laetitia ya 2016, ndime 212, kuti makadi, zovala ndi madyerero zingathe kumaliza chuma ndi mphamvu za akwati, n'kufika pa tsikulo ali otopa. Ena ayesa kuti ukwati wa kutali uchepetsa zowononga poti alendo achepa. Nthawi zina n'zoona. Koma awerengenso kuti kudziko la eni kulibe perekaniperekani, ndi kuti ngongole ya ndege ndi hotela idzawatsata m'nyumba yatsopano. Louis ndi Zélie Martin, makolo a Tereza Woyera wa Mwana Yesu, adamangitsa ukwati wawo ku Alençon pakati pa usiku, m'mwezi wa July 1858, popanda chionetsero. Mu 2015 adalengezedwa oyera onse awiri pamodzi.

Ulendo wa pambuyo pa ukwati

Pali njira ina imene ambiri saidziwa. Wolakalaka dalitso la ku Roma sayenera kukamangira ukwati ku Roma. Apapa ali ndi mwambo wolandira akwati atsopano, amene m'Chitaliyana atchedwa sposi novelli. Papa Pius XII ankawalankhula kawirikawiri kuyambira 1939 mpaka 1943. Pa msonkhano wa Lachitatu, pamene Papa aphunzitsa anthu pa bwalo la Petro Woyera kapena m'holo ya Paul VI, akwati atsopano apatsidwa malo awoawo. Zofunika ndi izi: ukwati ukhale wa m'tchalitchi cha Katolika, ukhale wa posachedwa, akwati avale zovala zawo za ukwati ndi kutenga chikalata cha Sakramenti. Matikiti apemphedwa pasadakhale ndipo ndi aulere. Wowagulitsa ndi wonyenga. Afunsiretu ngati msonkhano ulipo sabata imeneyo, pakuti Papa akakhala pa ulendo suchitika, ndipo mu July kawirikawiri upumula. Motero akwati angathe kumangitsa ukwati kwawo, pamaso pa makolo, ankhoswe ndi mphakati wawo, napita ku Roma pambuyo pake ndi chikalata m'manja.

Ali komweko akaone tchalitchi chachikulu cha Santa Maria Maggiore, m'mene Papa Francis adaikidwa mu April 2025. M'menemo ndimo Luigi ndi Maria Beltrame Quattrocchi adamangira ukwati wawo mu 1905. Mu 2001 adakhala banja loyamba kulengezedwa odala, mwamuna ndi mkazi tsiku limodzi. Ndipo kulikonse kumene akwati apita, ku Roma kapena ku chilumba, lamulo la Misa ya Lamulungu lipita nawo. Afunse za tchalitchi chapafupi asanasankhe hotela.

Pobwera patsala ntchito imodzi. Lamulo 1122 lilamula bambo mfumu wa kumene ukwati udachitikira kuti atumize mawu msanga ku parishi imene aliyense wa awiriwo adabatizidwira, kuti ukwatiwo ulembedwe m'buku la Ubatizo. Makalata ochokera kutali amasochera. Akwati atenge chikalata chawo chosindikizidwa chidindo, nakachionetse kwa bambo mfumu sabata yoyamba. Ndipo mphunzitsi, patapita miyezi iwiri kapena itatu, akafunse ku ofesi ya parishi ngati maina alowadi m'buku.