PHUNZIRO 6: TIYAMBE TAIFUFUZA PLUGIN TISANAIIKE PA WEBUSAITI

CHOLINGA CHA PHUNZIRO

Pomaliza phunziroli aliyense athe kufotokoza ntchito ya plugin, kutchula zoopsa zake, ndi kudziwa mafunso ofunsa tisanaiike pa webusaiti.

MAWU OYAMBA

Masiku ano masukulu, mabungwe ndi mabizinesi ambiri ali ndi webusaiti. Mwa mawebusaiti 100 alionse pa dziko lapansi, oposa 40 anamangidwa ndi pulogalamu ya WordPress, imene inayamba mu 2003. Kuti webusaiti yotere izilandira mauthenga, izionetsa zithunzi kapena kugulitsa katundu, timaonjezerapo timapulogalamu ting'onoting'ono totchedwa ma plugin. Pa WordPress.org, pomwe ndi pamalo pake povomerezeka, alipo oposa 50,000.

Plugin ikalowa imakhala ndi mphamvu zofanana ndi za WordPress imene. Itha kuwerenga mayina ndi manambala a foni a anthu onse amene analembetsa, ithanso kusintha kapena kufufuta chilichonse. Kuli ngati kupatsa waganyu makiyi a nyumba yonse pomwe tamuitanira kudzakonza zenera limodzi.

TIONE ZOMWE ZINACHITIKA

Mu December 2014 mawebusaiti oposa 100,000 analowetsedwa pulogalamu yoononga kudzera m'mpata umene unali mu plugin yotchedwa Slider Revolution. Eni ake anali atatseka kale mpatawo miyezi ingapo m'mbuyomo, koma anthu ambiri anakhalabe ndi yakale. Ena sankadziwa n'komwe kuti ali nayo, chifukwa inabwera pamodzi ndi maonekedwe a webusaiti amene anagula.

Mu 2017 plugin yotchedwa Display Widgets, imene inali pa mawebusaiti pafupifupi 200,000, inagulitsidwa kwa munthu wina. Mwini watsopanoyo anabisamo khomo loti aziikira malonda achinyengo pa mawebusaiti a eni ake iwo osadziwa. A WordPress.org anaichotsa.

Mu September 2020 plugin yotchedwa File Manager, imene inali pa mawebusaiti oposa 700,000, inapezeka ndi cholakwika cholola aliyense kuikapo mafayilo popanda mawu achinsinsi. Pamene yokonzedwa inkatuluka, mbava zinali zitayamba kale kulowera pampatapo.

Apa tikuona kuti ngozi imabwera m'njira zitatu: kusunga plugin yakale, kusintha kwa mwini wake, ndi kulakwitsa kwa amene anailemba.

MAFUNSO 6 OFUNSA TISANAIKE PLUGIN

1. Kodi tikuifunadi? Plugin iliyonse ndi khomo lina pa nyumba yathu. Makomo akachuluka, kulondera kumavuta.

2. Kodi ikuchokera kuti? Tizitenga pa WordPress.org kapena kwa amene anaipanga. Pali malo ena amene amagawa ulere ma plugin oyenera kugula, ndipo kawirikawiri amakhala atabisamo zoononga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

3. Kodi inakonzedwa liti komaliza? Tsamba la plugin iliyonse pa WordPress.org limaonetsa nthawi imene inakonzedwa komaliza ndi kuchuluka kwa oigwiritsa ntchito. Ngati patha zaka popanda kukonzedwa, ndiye kuti ilibe woisamalira.

4. Kodi mwini wake ndani? Tione ngati amayankha madandaulo a anthu, ndiponso ngati dzina la mwini lasintha posachedwa.

5. Kodi inapezekapo ndi zofooka? A WPScan, Wordfence ndi Patchstack amasunga kaundula wa zofooka za ma plugin. Kupezekamo sikutanthauza kuti plugin njoipa, pakuti wina aliyense amalakwitsa. Chofunika n'kuona ngati mwini wake anakonza msanga.

6. Kodi idzagwira chiyani? Plugin yolandira ndalama, yosunga mbiri za anthu kapena yolola kuika mafayilo tiifufuze mozama kuposa yongokongoletsa tsamba.

TIKAIIKA NTCHITO SINATHE

Tisanaike plugin, tisunge kope la webusaiti yonse pamalo ena. Tikaiika, tizilandira zokonza zonse zimene mwini wake akutulutsa. Kuyambira mu 2020, WordPress ili ndi njira yoti ma plugin azilandira okha zokonzazi tikailola kutero. Plugin imene tasiya kugwiritsa ntchito tiifufutiretu, chifukwa tikangoizimitsa mafayilo ake amatsala, ndipo mbava zitha kulowerabe pomwepo.

UDINDO WATHU

Amene amavutika webusaiti ikathyoledwa ndi anthu amene anatikhulupirira natipatsa mayina ndi manambala awo. Mbava zimagwiritsa ntchito zimenezi powanamiza kuti atumize ndalama. Ku Malawi, lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024 limapereka udindo wozisamala kwa aliyense amene akuzisunga. Tsono komiti isasiyire mmisiri wa kompyuta yekha nkhaniyi. Ili ndi ufulu womufunsa, ndipo iye ayenera kuyankha momveka.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Kodi webusaiti ya bungwe lathu imasunga chiyani chokhudza anthu?
2. Kodi ndani ali ndi mphamvu zoika plugin, ndipo amafunsa yani?
3. Mwa nkhani zitatu zija, ndi iti imene ingatichitikire mosavuta? Chifukwa chiyani?

ZOTI TICHITE

Tisanakumanenso, gulu lililonse lipemphe amene amasamalira webusaiti kuti alembe ma plugin onse amene alipo, ntchito yake, ndi nthawi imene anakonzedwa komaliza. Mndandandawo tidzauyese ndi mafunso 6 aja.