Za Ndalama ndi Mipikisano ya Galimoto ku Macanga

Funso: Akuluakulu, abwana anditumiza ku Furancungo, m'boma la Macanga, kukagwira ntchito ya fodya. Kodi malipiro adzandikwanira, nanga mipikisano ya galimoto imene ndimaikonda ndidzaipeza?

Yankho: Mbale wanga, safunsa anadya phula, ndipo mwachita bwino kufunsa. Popeza dzikolo ndi la alimi, ndiponso mapiri ozizira a Tsangano amabala mbatatesi, nyemba ndi tirigu, pakamwa sipadzakuvutani. Koma mafuta, matayala ndi zipangizo za galimoto, zimene zimachokera kutali mumzinda wa Tete, ndizo zidzadya ndalama zanu za metikali, makamaka nthawi ya dzinja, pamene misewu yafumbi isanduka matope nithyola zitsulo.

Kunena za mipikisano, bwalo lodziwika ndi la bungwe la ATCM ku Maputo, mtunda wopitirira makilomita 1,500 kuchokera ku Tete, ulendo woti munthu wolembedwa ntchito sangauyende kawirikawiri. Ndithu ndinena kwa inu, musayese liwiro pamsewu umene ana asukulu, ngolo ndi njinga za akabaza ziyendamo. Ngati muli ndi galimoto yothamangitsa, isiyeni kwanu. Gulani njinga yamoto yolimba pamodzi ndi chipewa chake.