Kuyenda wapansi m'mbali mwa nyanja ku Cape Maclear ndi banja lonse

Mabanja ambiri akafika kunyanja amangotsika galimoto, kuyala chitenje pamthunzi, n'kukhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka. Ana asambira, akulu aotcha nyama, kenako onse abwerera kwawo ataona kachigawo kochepa chabe ka gombe. Ine ndimalimbikitsa kuti pa tsiku lotere muzipatulako maola awiri kapena atatu oyenda wapansi. Ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, kuli njira zomwe mwana wa sitandade 1 ndi agogo ake angayende limodzi bwinobwino, malinga mwakonzekera zinthu zitatu: dzuwa, mchenga ndi madzi a m'nyanjamo.

Mudzi wa Chembe, womwe alendo amautchula kuti Cape Maclear, uli kumapeto kwa dera la Nankumba, pomwe mtunda umalowa m'nyanja. Msewu wake umapatuka mukatsala pang'ono kufika ku Monkey Bay, ndipo kuchokera pamphambanopo pali makilomita pafupifupi 18 odutsa m'mapiri. Ngati muli pa galimoto yanu, imani kaye pa Mwala wa Mphini kuti ana aongole miyendo. Ndi thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere yonga mphini zotema pakhungu, ndipo boma limaliteteza ngati chimodzi mwa zinthu zakale za dziko lino.

Nyengo yabwino yoyenda ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene kunja kumazizirirapo. Ndi miyezi yamwera, koma gombe la Chembe linayang'ana chakumpoto ndipo mapiri ali kumbuyo kwake, choncho mphepoyi siivuta monga imachitira m'magombe ena. Okutobala ndi Novembala ndi ina nkhani. Pofika 10 koloko mchenga umakhala utapsa kale moti mwana wopanda nsapato amalira. Dziwaninso kuti nyanja imadzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, mvula itatha, ndipo gombe limachepa. Mu 2024 madzi anakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'madera ambiri a Mangochi, kotero musadalire zomwe munaona zaka zapitazo. Funsani eni mudzi ngati njira ya mumchenga ikudutsika.

Mwezi uliwonse umene mwapita, nyamukani kukungocha. Pofika 6 koloko mukhale muli kale pamchenga, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo mukhale mutabwerera pamthunzi. Ulendo wa madzulo, kuyambira cha m'ma 4 koloko, nawonso ndi wabwino chifukwa dzuwa limalowa mukuliona kutsidya kwa madzi, koma muwerengere zoti mdima kunyanja suchedwa, ndipo udzudzu umayamba nthawi yomweyo.

Njira yoyamba, yomwenso ndi yaulere, ndi gombe la mudzi lenilenilo. Ndi lalitali makilomita angapo, lopanda chitunda, ndipo mukatopa paliponse mutha kukhotera m'mudzi n'kubwerera pa kabaza kapena njinga yamoto. Patsogolo panu pamaoneka zilumba za Thumbi ndi Domwe. M'mawa mumapeza asodzi akukocheza mabwato atachezera usiku wonse ndi nyali kupha usipa, amayi akuyanika nsomba pa thandala, ena akusoka maukonde. Kwa mwana wokulira ku Lilongwe kapena ku Blantyre, amene usipa amangouona pa mulu kumsika, apa pali zambiri zoti aphunzire, ndipo musamuthamangitse akaima kuti aonetsetse.

Koma kumbukirani kuti gombe ili ndi khomo la anthu. Apa ndi pomwe amachapa, kutsuka mbale, kusamba ndi kupezera chakudya cha mabanja awo. Perekani moni, ndipo ana anu aone mukutero. Ukonde woyalidwa pamchenga muuzungulire, osaulumpha kapena kuuponda, chifukwa ndi chuma cha munthu ndipo kuusoka ndi ntchito yowawa. Musatole chithunzi cha munthu osamupempha, makamaka pomwe anthu akusamba. Mukafika pamalo otere, lambalalani cha kumtunda. Ndimanena izi motsindika chifukwa ife a m'dziko momwe muno nthawi zina timaiwala ulemu womwe tikanaupereka tikanakhala kuti talowa m'mudzi wina uliwonse wa kumtunda.

Mchenga wouma umalemetsa miyendo. Phazi limamira, akakolo amagwira ntchito kawiri, ndipo munthu wamkulu wodwala mawondo amatopa msanga. Yendani pa mchenga wolimba, kumtunda pang'ono kwa pomwe mafunde afika n'kubwerera, koma mutavala nsapato. M'mchenga wa pamudzi wa asodzi mumabisala mbedza, minga ya nsomba ndi magalasi a mabotolo osweka. Liwiro la ulendo litengere wamng'ono kwambiri ndi wamkulu kwambiri pagulupo, ndipo mutembenuke onse akadali ndi mphamvu, poti mtunda womwe mwapita ndi womwewo mubwerere, dzuwa litakwera.

Njira yachiwiri ili kumadzulo kwa mudzi, mkati mwa Lake Malawi National Park. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Pachipata pamalipiridwa ndalama, koma Amalawi amalipira zochepa poyerekeza ndi alendo akunja, choncho tengani chiphaso cha unzika. Chakufupi ndi chipatacho kuli manda a amishonale oyamba a Livingstonia, omwe anafika pamalowa mu 1875 pa sitima ya Ilala, Dr Robert Laws ali m'gululo. Malungo anawasautsa ndipo ena anamwalira, mpaka mu 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe. Ana ambiri amaidziwa Livingstonia ngati malo a ku Rumphi basi. Kuima nawo pa mandawa mphindi zochepa kumawathandiza kumvetsa kuti nkhaniyo inayambira kuno.

Kuchokera pamenepo njira imatsata gombe, kudutsa pansi pa milambe ndi mitengo ina, mpaka kukafika pa Otter Point. Si mtunda wautali, ndipo mthunzi ulipo. Kumapeto kwake mchenga umatha, kumayamba miyala ikuluikulu yolowa m'madzi oyera moti pansi pamaoneka. Khalani pa mwala, yang'anani pansi modekha, mudzaona mbuna zamitundumitundu, zina zobiriwira ngati thambo, zina zachikasu, zina zamizeremizere, zikudya ndere pamiyala. Nsombazi ndi zomwe zinachititsa kuti pakiyi ikhalepo, ndipo mitundu yambiri sipezeka kwina kulikonse kunja kwa nyanja yathu. Kuwedza m'madzi a pakiyi, mamita 100 kuchokera kumtunda, n'koletsedwa. Mukakweza maso mungaone nkhwazi pa mtengo, mbira pamiyala, mwinanso ng'azi ikuothera dzuwa. Katumbu, yemwe malowa anatengera dzina, ndi wamanyazi, musawalonjeze ana kuti amuona.

Pamiyala apa ndi pomwe kholo liyenera kutsegula maso. Mwala wonyowa umaterera, ndipo patapata sagwira. Nsapato yabwino ndi yotseka kapena yomanga kuchidendene. Mwana wamng'ono mumugwire dzanja, ndipo agogo atha kukhala pamthunzi pomwe mchenga wathera, osakakamizika kukwera. Anyani a m'pakimu anazolowera anthu. Musawapatse chakudya, musanyamule nthochi poonekera, ndipo mwana asayende yekha atagwira chodyera m'manja.

Kumbuyo kwa mudzi kuli njira zokwera phiri la Nkhunguni, zina zopita ku Msaka ndi ku Monkey Bay. Izi ndi za anthu amphamvu zawo, okhala ndi wowalondolera wodziwa njira, osati za banja lokhala ndi ana aang'ono.

Katundu asachuluke, koma madzi akumwa asachepe. Munthu aliyense akhale ndi lita imodzi kapena kuposerapo, ndipo nyengo yotentha muwonjezere. Madzi a m'nyanja musamwe osawiritsa kapena kuthira mankhwala, ngakhale aoneke oyera chotani. Kamba wabwino ndi amene sasasa msanga: mbatata yootcha, chinangwa chophika, mtedza wokazinga, mazira owiritsa. Tengani zipewa, ambulera, chitenje choyala, ndi paketi ya Thanzi ORS. Khanda lakumbuyo limatenthedwa kuposa mayi ake, choncho muzilitsitsa pamthunzi pafupipafupi ndi kuliyamwitsa. Ngati m'banjamo muli munthu wachialubino, avale zamanja aatali ndi chipewa chachikulu, adzole mafuta oteteza khungu, ndipo ulendo wonse uthe dzuwa lisanakwere, chifukwa kuwala kobwerera kuchokera pamadzi ndi pamchenga kumapsereza ngakhale munthu ali pansi pa ambulera. Mwana akayamba kudandaula mutu, chizungulire kapena kufooka, lekani ulendo, mukhazikeni pamthunzi, mumwetseni pang'onopang'ono ndi kumupukuta ndi nsalu yonyowa. Akapanda kusintha, m'mudzimo muli chipatala chaching'ono, ndipo china chokulirapo chili ku Monkey Bay. Mapepala apulasitiki ndi mabotolo mubwerere nawo m'chikwama.

Nkhani ya madzi ndiyo yomwe sindifuna kuti kholo liipeputse. Ana akaona nyanja safunsa, amangolowa. Gwirizanani musananyamuke kuti palibe wolowa m'madzi popanda munthu wamkulu woima pafupi, amene ntchito yake ndi kuyang'ana anawo basi, osati foni. Pansi pa nyanja si pofanana, ndipo pamiyala kuya kumayamba mwadzidzidzi. Pewani malo a bango ndi pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja, makamaka m'bandakucha ndi chisisira, poti ng'ona ndi mvuu zimakonda malo otere kulikonse m'nyanja ya Malawi.

Kenako pali likodzo, lomwe ku Chembe ndi lodziwika. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osaya, odekha, makamaka pomwe anthu ambiri amasamba ndi kuchapa, ndipo timalowa pakhungu popanda munthu kumva kanthu. Kungoviika mapazi n'kokwanira. N'chifukwa chake poyenda pa gombe la mudzi ndi bwino kukhala kumtunda kwa mafunde. Ngati wina walowa m'madzi, lembani tsikulo pa kalendala. Mankhwala a praziquantel amagwira bwino nyongolotsi zikakhwima, choncho kumwa tsiku lotsatira sikuthandiza kwenikweni. Pakatha milungu 6 mpaka 8, pitani kuchipatala ndi onse amene anakhudza madziwo, ngakhale akuoneka athanzi, mukawauze achipatala kuti munali kunyanja. Mwana akayamba kukodza magazi kapena kumva kuwawa pokodza, kapena akatentha thupi m'milungu yoyambirira mutabwerako, musadikire tsiku la pa kalendala lija. Pitani naye tsiku lomwelo, akamuyezenso malungo.