PHUNZIRO LA ZAUMOYO: BZALANI LALANJE LOFIIRIRA M'KATI PAKHOMO PANU

Phunziro lathu likunena za lalanje lotchedwa Cara Cara. Kunja limaoneka ngati lalanje wamba, koma mukalisenda m'kati mwake ndi mofiirira. Ndi lotsekemera ndipo lilibe njere. Linapezeka m'chaka cha 1976 pa munda wa Hacienda Cara Cara m'dziko la Venezuela, ndipo lero limalimidwa ngakhale ku South Africa.

Ubwino wake pa thanzi

Kufiirako kumachokera ku lycopene, chinthu chomwe chimafiiritsanso tomato ndi mavwende. Lalanje limodzi lapakatikati limapereka pafupifupi vitamini C yense amene munthu amafuna pa tsiku. Vitamini ameneyu amathandiza kuti mabala apole, nkhama zisatuluke magazi, komanso kuti thupi litenge bwino ayironi wa mu nyemba ndi ndiwo zamasamba. Choncho mwana kapena mayi woyembekezera akadya nsima ya nyemba kapena bonongwe, mupatseni lalanje nthawi yomweyo. Izi zimathandiza kupewa kuchepa kwa magazi. Koma lalanje sililowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala.

Samalani pogula mbande

Popeza lalanjeli lilibe njere, simungalifese. Pamafunika mbande yomezanitsa: kumtunda Cara Cara, kumunsi mtengo wina wolimba monga ndimu. Wina akakugulitsani mbande yopanda chipsera cha pomezanitsa, musagule. Mudzaisamalira zaka zambiri kenako n'kukolola zipatso zina. Funsani alangizi a zaulimi kumene mungapeze mbande zodalirika. Madera ozizirirapo usiku, monga Angónia ndi Tsangano, ndi abwino kwa malalanje.

Kabzalidwe

1. Sankhani malo a dzuwa, osadikha madzi, mamita 5 kuchokera pa mtengo wina.
2. Kumbani dzenje la masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya. Sakanizani dothi lapamwamba ndi manyowa owola bwino.
3. Bzalani mvula ikakhazikika. Pomezanitsa pakhale pamwamba pa dothi. Mukapakwirira, tsinde limawola.
4. Phimbirani pansi ndi udzu, koma usakhudze tsinde, kuopa chiswe ndi kuwola.
5. Mangani kampanda koteteza ku mbuzi.

Kasamalidwe

M'chilimwe thirirani ndowa ziwiri, kawiri pa sabata. Mphukira iliyonse yotuluka pansi pa pomezanitsa ichotseni msanga. Imeneyo ndi ya ndimu, ndipo mukailekerera imakula mofulumira n'kufooketsa lalanje lanu. Zipatso zogwa zokha muzitole ndi kuzikwirira mozama kuti ntchentche zoboola zipatso zisachuluke. Mtengo womezanitsa umayamba kubereka pakatha zaka 3 kapena 4.

Kukolola ndi kudya

Malalanjewa amapsa nyengo yozizira. Lalanje likathyoledwa silipitiriza kutsekemera, choncho lawani limodzi musanathyole ambiri. Litsukeni, sambani m'manja, ndipo mulidye lonse m'malo mongofinya madzi. Madzi ake akakhalitsa amayamba kuwawa.

Chenjezo

Musalisokoneze ndi grapefruit, chipatso chachikulu chowawirako chomwenso chimafiirira m'kati. Grapefruit imasokoneza mankhwala ena, monga ena a kuthamanga kwa magazi. Ngati mukumwa mankhwala tsiku ndi tsiku, funsani a zaumoyo musanadye grapefruit.

Kumbukirani: mbande yomezanitsa, dzenje labwino, madzi m'chilimwe. Konzani dzenje lanu mvula isanagwe.