Kodi mleme ndi mbalame kapena mbewa?

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wa ku sekondale watizunguza mitu pakhomo. Tsiku lina madzulo mileme ikudya mango mumtengo wathu, iye anati mleme si mbalame, uli m'gulu limodzi ndi ng'ombe ndiponso anthu. Bambo ake anamutsutsa kuti ndi mbewa youluka basi. Ine ndinakula ndikudziwa kuti nyama yamapiko ndi mbalame. Kodi kusukuluko akumuphunzitsa zoona, kapena ndi zija zoti tinachokera kwa anyani? Mayi wa ku Mushili, Ndola.

YANKHO: Amayi, mwanayo musamukalipire, wanena zoona. Mkangano wanuwo ndi wakalekale, mpaka makolo athu anaupekera nthano ya mleme wokanidwa ndi mbalame komanso mbewa.

Inu a ku Copperbelt mukudziwa kuti anthu otsika mumgodi amavala maovolosi ndi zipewa zofanana, koma zimenezo siziwasandutsa ana a mimba imodzi. Chibale timachifufuza pofunsa mfunda ndi kumene agogo anachokera. Akatswiri a sayansi nawonso amagawa zamoyo potsata chibale. Kuuluka ndi ntchito chabe, pakuti ngakhale dzombe ndi gulugufe zimauluka.

Mleme suikira mazira. Umabereka mwana wamoyo n'kumamuyamwitsa. Uli ndi ubweya m'malo mwa nthenga, uli ndi mano, ndipo makutu ake ndi otuluka kunja. Zonsezi ndi zizindikiro za nyama zoyamwitsa, gulu lomwe muli ng'ombe, njovu, ine ndi inu. Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi phiko lake. Phikolo ndi dzanja lenileni la zala zisanu. Zala zinayi zinatalika zedi, pakati pake panayalika kachikopa kopyapyala, ndipo chala chachikulu chinatsala chachifupi, chokhala ndi chikhadabo chokolera panthambi. Mafupa a mkono wake anandandalikana monga a mkono wanu: limodzi kumtunda, awiri kumunsi, kenako timafupa ta pamfundo ndi zala. N'chifukwa chake gulu la mileme analitcha Chiroptera, mawu a Chigiriki otanthauza dzanja lomwe ndi phiko.

Amene anayala maziko a kagawidwe kameneka ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden. M'chaka cha 1758 iye anaika mleme pakati pa nyama zoyamwitsa, koma anaphonya pouponya m'kagulu ka anyani ndi anthu. Anzake a m'mbuyo anakonza cholakwacho, ndipo ndi momwe sayansi imayendera. Mu 1859 Charles Darwin anafotokoza chifukwa chake zamoyo zimagawika m'magulu otere: zofanana mafupa zinachokera kwa kholo limodzi, kenako zidzukulu zinasiyana pang'onopang'ono m'mibadwomibadwo, chilichonse malinga ndi moyo umene chinakumana nawo. Mafupa a mileme yakale osanduka miyala anapezeka ku Wyoming, ku America, ndipo ndi a zaka zoposa 50 miliyoni.

Abambo a kunyumba kwanu muwauze mwaulemu kuti nkhope ya mleme yawanamiza. Kafukufuku wa DNA anaonetsa kuti mleme uli pafupi ndi hatchi, galu ndi ng'ombe kusiyana ndi mbewa. Chodabwitsa n'chakuti mbewayo ili pafupi ndi ifeyo kuposa momwe ilili ndi mleme.

Pa nkhani ya anyani, sayansi sinena kuti nyani wa lero anasanduka munthu. Imanena kuti ife ndi anyani a mtundu wa chimpanzi tinali ndi kholo limodzi zaka pafupifupi 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, choncho ndife asuweni. Amene anafikapo ku Chimfunshi, kufupi ndi Chingola, komwe David ndi Sheila Siddle anayamba kusamalira anyani amasiye a mtunduwu mu 1983, amabwerako akusimba za manja ndi maso a nyamazo. Ndikudziwa kuti nkhaniyi imakhudza chikhulupiriro, ndipo sindikuipeputsa. Alipo Akhristu ambiri opemphera kwambiri omwe ndi akatswiri a sayansi imeneyi. Zimenezo mukambirane pabanja modekha, koma mwana asaletsedwe kuphunzira.

Zambia ili ndi mwayi pa nkhani ya mileme. Chaka chilichonse, kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala, mileme yodya zipatso mamiliyonimamiliyoni imasonkhana m'kankhalango kakang'ono ku Kasanka National Park, cha ku Serenje, kudzadya masuku ndi zipatso zina zam'tchire. Dzina la sayansi la mileme imeneyi ndi Eidolon helvum. Ikamauluka imamwaza njere kutali, ndipo mitengo yatsopano imamera.

Mleme wakufa kapena wodwala musaugwire ndi manja, chifukwa mileme ina imanyamula matenda. M'malo mwake mupempheni mwanayo akujambulireni phiko la mleme papepala, inu muikepo dzanja lanu pambali, muwerenge zalazo limodzi ndi bambo ake.