PHUNZIRO: WODWALA KAYAKAYA AKASOKONEZEKA NZERU

Werengani 1 Mafumu 19:1-8 ndi Mateyu 25:34-40.

Ambiri a inu muli ndi ana ndi adzukulu ku Lusaka, m'makomboni a Kalingalinga, Mtendere ndi Matero. Munthu wa kumeneko akadwala kwambiri amanka naye ku cipatala cacikuru ca UTH, kumene kuli cipinda ca odwala kayakaya. Uthenga ukafika kumudzi, mumagulitsa mbuzi ndi kukwera basi. Koma pofika pa kama, nthawi zina mupeza mwana wanu sakudziwani, abwebweta, aona anthu pa khoma, kapena atukwana amake omubala. Pamenepo mtima umati: Amlodza. Tiyeni tiphunzire za cinthu cimeneci, kuti mantha asaticimwitse.

Coyamba, kusokonezeka kumeneku kumacokera m'thupi. Ubongo uli ciwalo monga mtima ndi impso, ndipo umafooka pamene thupi latentha kwambiri, pamene tizirombo talowa m'magazi, pamene mpweya ucepa, kapena impso zalephera kucotsa zoipa. Malungo ndi nthenda youmitsa khosi zimacita comweco. Mankhwala ogonetsa, amene adotolo amapatsa munthu wopumira makina, amaonjezapo. Momwemonso nyali zosazima ndi phokoso la usiku wonse, pakuti wodwala sadziwanso kuti kwaca kapena kwada. Munthu wozolowera mowa akauleka mwadzidzidzi angasokonezeke patapita masiku awiri kapena atatu.

Caciwiri, sicili cinthu cacilendo. Kafukufuku wocitika pa UTH, wofalitsidwa m'caka ca 2021, anapeza kuti pafupi theka la akuru amene anawayesa pogonekedwa anali osokonezeka motere, ndipo mwa iwo anafa ambiri kupambana mwa enawo. Cifukwa cace ici ndi cizindikiro cakuti nthenda yakula, ndipo wodwalayo afunika cipatala koposa kale. Kumturutsa usiku kunka naye kwa sing'anga ndiko kumcotsera mpweya ndi mankhwala zimene zimsunga ndi moyo.

Mucizindikire ndi izi: cimadza msanga, m'maora kapena masiku owerengeka, cimakula usiku ndi kucepa usana. Ena amapfuula ndi kuzula timapaipi, koma ena amangoti duu, osayankha, ndipo amenewa ndiwo saonedwa msanga. Cimasiyana ndi matenda a maganizo okhalitsa, amene amaciritsidwa ku Chainama, cipatala cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1962. Nthenda ya m'thupi ikacepa, kawirikawiri nzeru zimabwerera.

Nanga Mkristu acitenji pa nthawi yakuona odwala?

1. Uzani anamwino ngati munthu wanu sali monga mumdziwira, ndipo musabise za mowa kapena mankhwala amene anali kumwa.

2. Lankhulani naye mofatsa m'cinenero ca kwanu. Muuzeni dzina lanu, tsiku, ndi malo amene ali. Ngati abvala magalasi, mtengereni.

3. Akaona zosaoneka musakangane naye, ndipo musamseke. Mgwireni dzanja, mumuuze kuti sali yekha.

4. Musammwetse zitsamba mobisa, pakuti impso zofooka sizingazipirire.

5. Pempherani ndi mau apansi. Kumzinga ndi kupfuula kuti ziwanda zituruke kumamuonjezera mantha.

Pali cinthu cinanso colemera. Wodwala wotere angachule dzina la mbale kuti ndiye amupha, kapena kunenera mkazi wace zamanyazi. Mau amenewo ndi a nthenda. Musawanyamule kunka nao kumudzi, pakuti mabanja apasuka ndipo nkhalamba zosalakwa zachedwa mfiti cifukwa ca kubwebweta kwa usiku umodzi.

Akaturuka m'cipatala nchito yathu siinathe. Ambiri amakhala miyezi ali kulota zoopsa, kuiwalaiwala, kusowa tulo ndi kutaya mtima. Kumbukirani Eliya m'cipululu: pamene anapempha imfa, mngelo sanayambe ndi kumdzudzula, koma anampatsa cakudya ndi madzi, namleka agonenso. Nafenso ticite cotero. Cisoni cikapitirira, makamaka akayamba kunena zodzipha, mperekezeni msanga ku kiliniki ya Kalingalinga kapena cipatala ciri conse capafupi, wopanda manyazi. Ngakhale Boma la Zambia, m'caka ca 2019, linaika lamulo latsopano loteteza ulemu wa odwala maganizo. Kodi Mpingo udzatsala m'mbuyo pa cifundo?

Mafunso a pa msonkhano: Kodi ndi zinthu ziti zimene zisokoneza nzeru za wodwala kayakaya? Tidzayankha ciani mbale akafuna kumturutsa m'cipatala? Ndani mwa ife adzayendera wocira m'mwezi uno?

Pemphero: Ambuye Yesu, amene mudziwa nkhosa zanu ngakhale pamene izo zaiwala maina ao, khalani ndi odwala athu usiku. Patsani nzeru adotolo ndi anamwino, ndipo ife mutisunge pakamwa. Amen.