Majini ndi khansa ya m'matumbo

Funso lochokera ku Nsadzo, m'boma la Chifunde: Kodi madokotala angadziwiretu kuti wodwala khansa ya m'matumbo akhala ndi moyo nthawi yaitali bwanji?

Yankho: Amangoyerekeza, ndipo chachikulu chimene amaona ndi pamene khansayo yafika. Ofufuza amayezanso kachidutswa ka chotupa kuti adziwe majini amene akugwira ntchito kwambiri ndi amene angoti zii. Potengera majiniwo, mu 2015 akatswiri anagawa khansayi m'magulu anayi, CMS1 mpaka CMS4. Ya gulu la CMS4 ndiyo imakonda kuyambiranso pambuyo pa opaleshoni, ndipo odwala ake sakhalitsa poyerekeza ndi a magulu enawo.

Kuyeza kotereku n'kodula ndipo kumafuna labotale yapamwamba. Kwa anthu a ku Nsadzo, chofunika n'kuthamangira kuchipatala akaona magazi m'chimbudzi, kuti ngati pakufunika atumizidwe ku Hospital Provincial de Tete khansa isanafalikire.